Dua Imene Umaidula Pakati

Kande,
Lachinayi masana.

Asiyatu mwana wanga,

Asalamu alaikumu. Moni umenewu ndakupatsa chifukwa ndi lamulo, koma usaganize kuti mtima wanga uli pa mtendere. Ndakhala pa kireti kuseri kwa khitchini ya loji, alendo adya kale nkhomaliro, nyemba za madzulo zili pamoto, ndipo mapepala awa ndang'amba m'buku lolembamo ndiwo. Ndasankha kulemba chifukwa sabata yonseyi ndikati nditsegule pakamwa chimatuluka ndi chiphokoso chokhachokha, iwe n'kungoti ndwii kuyang'ana pansi monga ankachitira abambo ako. Pepala silingandidule mawu, ndipo silingatuluke panja kukatsuka mbale zotsuka kale.

Mawa m'mawa ukukwera minibasi ya ku Mzuzu kukayamba sukulu ya unamwino. Za anyamata, za foni, za kuzizira kwa kumeneko, azakhali ako anakuuza kale mpaka malovu kuuma. Ine nkhani yanga ndi imodzi yokha, ndipo uimva, ufune usafune.

Ndinakumva, Asiyatu. Chiyambire uli kamwana sudziwa kupemphera chamumtima, milomo yako imanong'ona mpaka munthu wa panja amamva. Lamlungu lapitali utamaliza swala ya subuhi, ya m'bandakucha ija, ndinali pakhomo pa chipinda chako ndi tsache m'manja. Unakweza manja bwinobwino n'kunena kuti, “Ya Allah, akhululukireni amayi anga, achitireni chifundo, anavutika nane ndili wamng'ono.” Ine ndinaima kudikira kuti upitirize. Iwe unangopukuta kumaso n'kuyamba kupinda mswala, kamkeka kako kopemphererapo. Ndinati mwina ndi tulo. Lolemba ndinamvetseranso, Lachiwiri chimodzimodzi. Apo m'pamene ndinakumbukira sadaka ya arubaini, patatha masiku makumi anayi abambo ako a Jafali ataikidwa. A shehe akutsogolera dua, aliyense anakweza manja, ngakhale NyaPhiri mnansi wathu, munthu wa tchalitchi, anakweza akewo mwaulemu. Iwe ako anali pa ntchafu phee ngati si ako. Nditakufunsa Lachiwiri lija unandiyankha osaphethira n'komwe: “Amayi, ine kholo langa ndi limodzi.”

Kholo limodzi! Kodi ndiwe chinangwa, choti amangodula kamtengo kamodzi n'kuzika pansi? Dua ija unaiphunzira ku madarasa ku Chintheche, ine ndikukuperekeza pa kabaza Loweruka lililonse, mvula kaya dzuwa, ndipo ili ndi anthu awiri mkati, mayi ndi bambo. Anakupatsa ndani mpeni woti uziidula pakati? Si chambo chimenecho, choti wina atenge mnofu, mutu n'kutayira amphaka. Makolo ako ndi awiri. Mawu amenewa ndiwabwereza mpaka akutopetse.

Usandiwerengere zolakwa za a Jafali, ndikuzidziwa kuposa iwe. Ndine amene ndinawalongedzera chikwama tsiku limene anati akupita ku Usisya masabata awiri kukakonza mainjini a maboti. Iwe unali ndi zaka zinayi, unawathamangira mpaka pamsewu ukulirira kuti akunyamule. Masabata awiri aja anasanduka zaka khumi ndi zisanu. Za mkazi wa kumeneko ndinazimva mu minibasi, amayi awiri ogulitsa usipa akukambirana m'Chitonga, akuyesa kuti mlendo wa ku Nkhotakota sakumva. Ndinamva zonse, mpaka mtundu wa chitenje chimene anamugulira. Ndinatsika pa Kande n'kupita kukachapa mashiti a alendo, poti nthawi imeneyo ndinali ndisanalowe m'khitchini. Ndinachapa mpaka zala kusupuka. Ndiye ngati pali munthu woyenera kuwapsera mtima a Jafali pa dziko lino, munthuyo ndi ine. Mkwiyo umenewo ndi wanga, ndinaukhetsera thukuta. Udzati ukundiikira kumbuyo, ndikudziwa. Sindinakulembe ntchito ya uloya ine, ndipo pa mswala si pabwalo la milandu.

Tamvera za ine ndi abambo anga, agogo ako a Twaibu, amene iwe umangowadziwa pa chithunzi. Ananditulutsa sukulu ndili Sitandade 7, ndikukhoza kuposa anyamata onse a m'kalasi, n'kundipereka kwa a Jafali chifukwa ankaswali mzere umodzi ndi abambo awo ku mzikiti. Ndinalira, amayi anga analira, iwo anangoti mtsikana akatha msinkhu malo ake ndi pabanja. Banja lija litandithera m'manja kuno, mlandu wonse ndinawasenzetsa iwo. Ndinasiya kupita kwathu pa Idi. Akaimba foni ndinkati netiweki ikuvuta. Ndipo pa mswala ndinkachita zomwe ukuchita iwezi, mawu ake omwewo: amayi anga okha, basi. Ndinkadziona wolungama kwambiri. Ndinkati Allah akuona yekha kuti munthu uyu sakuyenera. Choncho nditakumva Lamlungu lija sindinamve mawu ako okha ayi, ndinamva angawa akundibwerera, n'chifukwa chake tsache lija linandigwa m'manja.

Tsiku limene abambo anga anamwalira linali Lachitatu. Amalume ako a Amidu anaimba cha m'ma seveni m'mawa: “Achemwali, ababa atisiya. Nyamukani pompano, tiika lero lomwe ikatha swala ya alasiri.” Ku loji kunali gulu la alendo a ukwati, ine ndili ndi chambo chodzaza beseni. Ndinawauza kuti ndibwera mawa. Ukudziwa mmene maliro amayendera kuno kwa Atonga: amadikira, mwana achoke ku Joni, wina ku Lilongwe, makwaya akuimba masiku awiri kapena atatu. Ndinali nditakhala kuno zaka zambiri, ndikuphika pa maliro a anzanga, mpaka ndinadziuza kuti nawonso kwathu adikira, pajatu mwana wamkazi woyamba ndine. Bodza lenileni. Ine ndinabadwira m'Chisilamu, ndinkadziwa bwino lomwe kuti ife sitigoneka maliro. Ndinangobisala kuseri kwa mwambo wa eni dziko kuti ndiwalange abambo anga komaliza. NyaPhiri, amene nthawi imeneyo tinkagwira ntchito limodzi, anandilanda mpeni m'manja. “Anyina Asiyatu, lutani! Mwazerezeka kodi? Nsombazi tikazinga ife. Ada anu sadzamwaliranso kachiwiri.” Ine ndinamulanda mpeniwo n'kupitiriza kupala mamba.

Ndinafika ku Nkhotakota tsiku lotsatira dzuwa lili paliwombo. Pabwalo anali atasesa kale, mikeka ikupindidwa. Amayi anga anali pakhonde. Sanalire, sanandikalipire. Anangondiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kufunsa, “Wabwera kudzaona ndani?” Tsiku lomwelo, tikusankha mpunga wa sadaka, anandiuza chinthu chimene chimandiwotchabe mpaka lero. Anati, “Abambo ako akamaliza swala ankatchula ana onse mayina, mmodzimmodzi. Lako ankalitchula kawiri.” Ndinafunsa chifukwa chake. Anati, “Koyamba kukupempherera. Kachiwiri kupempha kuti Allah awakhululukire pa zimene anakuchita.” Ndiye taona, Asiyatu. Nkhalamba ija inkadziwa kulakwa kwake, inkagogoda kwa Allah ndi dzina langa kasanu pa tsiku, ine ndili kuno kuidumpha pa dua zaka zonsezo. Madzi akatayika saoleka. Nkhope yawo sindinaione, ndipo sindidzaionanso mpaka Kiyama, tsiku la chiweruzo.

Ndisanabwerere kuno ndinapita kwa a shehe okalamba a m'mudzi mwathu, amene anandiphunzitsa kuswali ndili mwana. Ndinawauza zonse, osabisa. Ndinati, “Shehe, ndikufuna kuwapempherera, koma mtima ukuwawabe. Ndikatchula dzina lawo ndimaona yunifolomu yanga ya sukulu itasanduka sanza yopukutira mbale. Si chinyengo kupempha chifundo m'mimba muli ndulu?” Anaseka, mano awiri okha amene anawatsalira aja ali poyera. Anati, “Mariamu, paja kumpotoko unayamba n'kuchapa zovala za alendo eti? Sopo unkapaka pa nsalu yoyera kale kapena yakuda?” Ndinati yakuda. Anati, “Nanga chikhululuko ukufuna umupemphere munthu wosalakwa? Wosalakwayo achite nacho chiyani? Pempha uli wowawidwa choncho. Allah sanati uyambe watsekemera mtima.” Anandiuzanso kuti munthu akalowa m'manda manja ake amapindika, sangawonjezenso kanthu pa zabwino zake, koma pali zochepa zimene zimamutsatirabe, ndipo chimodzi mwa izo ndi pempho la mwana wake. Kuyambira tsiku limenelo sindinadumphepo. Zaka ziwiri zoyambirira ndinkatchula dzina la a Twaibu ndikukukuta mano, koma ndinkalitchula. Makolo ndi awiri, Asiyatu, ngakhale mmodziyo akhale wokuwawa.

Ungayembekeze kuti munthu amene waphunzira phunziro lotere asamala ndi mwana wake. Ayi ndithu, ine Mariamu mutu ndi wouma. Abambo anga ndinawabwezeretsa mu dua, koma abambo ako ndinkawadya tsiku ndi tsiku iwe ukumva. Mchere ukatha ndinkati, “Kafunse abambo ako ku Usisya.” Denga likadontha, “Kaitane abambo ako ku Usisya.” Ukadwala malungo ndinkakupukuta thupi uku ndikutukwana munthu woti kulibe. Unamwa zimenezi pamodzi ndi phala. Uli Sitandade 4 mphunzitsi watsopano wochokera ku Dedza anafunsa m'kalasi ntchito za makolo anu, iwe n'kuyankha kuti abambo ako anadyedwa ndi ng'ona. Mayi uja anabwera mpaka kunyumba kudzandipepesa, wavala nkhope ya maliro. Ine ndinaseka mpaka misozi, n'kumuuza kuti ng'onayo ndi yaikazi, imavala chitenje ndipo imakhala ku Usisya. Iwe unaima pakhomo ukumwetulira, utaona kuti wawasangalatsa amayi ako. Tsiku limenelo ndinayenera kukukhazika pansi n'kukuuza kuti abambo ako ali moyo, analakwa, koma ndi abambo ako. M'malo mwake ndinakugulira mandasi. Ndiye ndikamakukalipira lero, dziwa kuti theka la ukaliwu ndikudzikalipira ndekha.

Ndipo zabwino za abambo ako ndinkazibisa ngati mchere wa pa njala. Unandiuza kuti dua ija imanena za kulera, ndipo iwo sanakulere. Unali ndi maso a kukumbukira iwe pa zaka zinayi zija? Tsiku limene unabadwa ndi iwo anakunong'oneza adhana m'khutu, mawu oitanira ku swala aja, manja akununkha petulo ngakhale anasamba katatu. Uli ndi zaka ziwiri unakomoka ndi malungo mwezi wa mvula, msewu utaduka, magalimoto osayenda. Anakubereka kumbuyo ndi chitenje changa, mwamuna wamkulu ndevu pepeya, anthu akuwaseka m'njira, n'kuyenda wapansi mpaka ku chipatala, ine ndikuthamanga pambuyo osawapeza. Unkakana phala la m'manja mwanga mpaka iwo afike. Zimenezi sizifufuta zaka khumi ndi zisanu, sindikunama ayi. Koma zinachitika, ndipo ine amene ndinaziona ndinakhala nazo chete.

Tsopano khala bwino, chifukwa ichi sindinauzepo munthu kupatula Allah ndi amalume ako. Nthawi zonse ukamawaweruza abambo ako umamaliza ndi mawu amodzi: “Sanabwere ngakhale kamodzi kudzandiona.” Anabwera. Unali Fomu 2, nyengo ya mwera, nyanja itakwiya. Anayenda pa boti kuchoka ku Usisya mpaka ku Nkhata Bay, n'kukwera minibasi, n'kufika pa geti la kuseri kwa loji cha m'ma leveni, atanyamula jumbo. Mlonda anadzandiitana. Ndinatuluka n'kuwapeza ataima pomwepo.

“Mayi a Asiyatu,” anatero, maso ali pansi, “sindinabwere kudzakangana. Ndangofuna ndimuone mwana. Ndamugulira nsapato.”

“Mwana uti?” ndinatero ine. “Amene munamusiya akulira pamsewu uja anakula, ndipo akuti alibe bambo.”

“Ndikudziwa ndinalakwa. Ndingomuona patali, olo osamulankhula. Amadzera njira iti akaweruka?”

Asiyatu, iwe unkadzera njira ya kumunsi, ya m'minda ya chinangwa, tsiku lililonse. Ine ndinakweza dzanja ili, lomwe ndikulembera kalatayi, n'kuwalozera kumtunda ku msewu wa tala. Ndinati, “Kadikireni pa mtengo wa mango wa pa siteji. Amadutsa pamenepo.” Anathokoza. Anandithokoza, mwana wanga! Anasiya jumbo lija m'manja mwanga n'kumapita. Mayi wogulitsa nthochi pa siteji anandiuza pambuyo pake, osadziwa kuti akuuza ndani, kuti bambo wina anakhala pamenepo kuyambira masana mpaka minibasi yomaliza, akuimirira nthawi iliyonse pakadutsa mtsikana wa yunifolomu. Iwe nthawi imeneyo unali kunyumba ukudya chinangwa chophika.

Nsapato zakuda zija ukuzikumbukira, zimene ndinati zachokera kwa amalume ako? Zinali zazikulu, tinachita kuikamo mapepala kutsogolo, chifukwa munthu wogulayo sankadziwa ngakhale phazi la mwana wake, ndipo manyazi amenewo ndi ake, sindimuchotsera. Koma unazivala mpaka Fomu 4, unalembera nazo mayeso amene akukupititsa ku Mzuzu mawa. Unaimbira foni a Amidu kuwathokoza, iwo n'kumangoti “zikomo, zikomo” osadziwa mutu wake, kenako anandiimbira ine kundikalipira. Anati, “Achemwali, mwana ameneyu mukumumangira nyumba pa bodza.” Ndinawadulira foni. A Jafali anabweranso chaka chotsatira, ine n'kutuma mlonda kuti akawauze kuti tinasamukira ku Nkhotakota. Sanabwerenso akuyenda ndi miyendo yawo.

Kubwera kwawo komaliza unakuona wekha. Mkazi wa ku Usisya uja ataona miyendo yatupa, mpweya ukuvuta, anawakweza boti ngati thumba la makala, iye n'kubwerera kwawo. Ine ndinkapita ndi phala ku chipatala ku Chintheche, osati chifukwa cha chikondi, usandinamizire, koma chifukwa munthu sangafe ndi njala ine ndili ndi moto. Iwe unafika pakhomo pa wodi n'kukana kulowa. Anakuona. Anandifunsa, “Ndi ameneyo?” Ndinati eya. Anati, “Watalika.” Basi. Sanapemphe kuti ndikukakamize, ndipo za mtengo wa mango sanatchule, chonsecho anali atadziwa kale kuti sitinasamuke. Akanatha kundiyalutsa pamenepo ndi mawu awiri okha, koma anapita nazo m'manda. Ine amene ndinali ndi pakamwa pabwinobwino ndinakhala duu, kuopa kuti ungayambe kundiona mmene umawaonera iwo. Ndinalola kuti afe uli wodana nawo kusiyana n'kuti undide ine, ndipo tchimo limenelo ndi lalikulu kuposa la nsapato.

Anamwalira m'mawa, ndipo tinayenera kuika dzuwa lisanalowe. Asilamu aamuna kuno ukuwadziwa, ungawawerenge pa zala, theka ndi nkhalamba za m'magolosale, ndipo mwezi umenewo dothi linali louma gwa. Amene anatenga makasu ndi a Chirwa, amuna ake a NyaPhiri, ndi anzawo a tchalitchi cha ku Bandawe. Ankang'ung'udza, inde. Pobwera kudzatenga piki pakhomo pathu a Chirwa anati, “Imwi Asilamu, changu chanuchi! Munthu wafa m'mawa, madzulo mwakwirira, ngati mukubisa katundu wakuba.” Koma anapita, ndipo anakumba mpaka matuza. Nditakawathokoza anangoti, “Yewu, ama, maliro alibe mpingo.” Anthu oti a Jafali sanawakonzerepo ngakhale njinga anatuluka matuza chifukwa cha iwo. Ndiye mwana wawo wobereka okha, magazi awo enieni, akulephera kukweza manja opanda khasu, kwa kanthawi kochepa kuposa komangira mpango kumutu? Zimandinyansa, Asiyatu. Ndikunena poyera, zimandinyansa.

Uganizenso ichi. Ku Usisya sikunabadwe mwana. Makolo awo a a Jafali anapita kale, abale awo ali ku Joni ndipo sindikudziwa ngati amaswali n'komwe. Ine ndimawapempherera, inde, koma ndine mkazi amene anamuthawa, pempho langa limatuluka ndi minga, ndipo a shehe aja sananene za mkazi, ananena za mwana. Mwanayo ndiwe wekha pa dziko lonse lapansi. Iwe ukatseka pakamwa, manda aja akhala zii mpaka tsiku la Kiyama, popanda ngakhale kadontho kolowamo. Munthu uja analakwa kwambiri, ndiye akufunika dua kwambiri. Sizovuta kumva izi kwa munthu amene wakhoza mayeso ngati iwe.

Kumene ukupitako akakuphunzitsa kusambitsa abambo a anthu ena. Zidzabwera zidakwa zothyoka miyendo, adzabwera omenya akazi awo, adzabwera othawa ana awo ngati a Jafali, ndipo iwe udzawatembenuza pabedi, kuwapukuta, kuwamwetsa mankhwala, osafunsa kuti kunyumba munasiyako bwanji. Ukadzangoyerekeza kufunsa adzakuchotsa ntchito. Ndiye uzikachitira chifundo abambo a eni ake tsiku lonse, ukaweruka n'kukakhala pa mswala kuwamana ako? Unamwino wotero ine sindinausupukire zala.

Nyemba zija zatsala pang'ono kupserera, ndiye ndifulumire. Mswala wako ndauika pansi m'chikwama, pamwamba pake pali ufa wa kondowole ndi usipa, ukautulutse ukangofika usanayambe kununkha nsomba. Swala zisanu usazisiye chifukwa cha mashifiti, ikakudutsa, ibweze. Ukamaliza iliyonse, kweza manja, unene dua ija yonse mmene anakuphunzitsira ku madarasa. Chiarabu chikakuthawa nena m'Chichewa, Allah si mlendo wa ku loji woti mpaka womasulira. Utchule mayina kuti mtima usazembe: Jafali ndi Mariamu. Sindikuti unene kuti anali bambo wabwino, limenelo lingakhale bodza, ndipo mabodza m'nyumba mwathu akwana. Sindikuti uwakonde pofika Loweruka. Kukuta mano monga ndinkachitira ine, lira ngati ukufuna, koma utchule. Tsiku limene mkwiyo udzakupambane, usati basi zatha. Swala yotsatira yambiranso. Makolo ako ndi awiri, Asiyatu, usaiwale.

Kalatayi ndikupatsira pa siteji, pansi pa mtengo wa mango womwe uja. Uyambe kuwerenga minibasi ikangonyamuka. Kondakitala adzaima pa Bandawe kudikira anthu oti sanasambe n'komwe, ndiye nthawi ikukwanira. Mukangodutsa pa Chintheche uyang'ane kumanzere. Pali kanjira kolowera pa mitengo ya bulugamu, a Chirwa anandilozera. Ife akazi sitinapite nawo tsiku loika, ndiye sunapaonepo. Abambo ako ali pamenepo, mulu wachitatu kuchokera kunjira, pali mwala umodzi kumutu, popanda dzina. Mawa ndi Ijumaa, tsiku lathu lopatulika. Sindikuti uimitse galimoto. Manja okhawo, pa ntchafu pomwepo, uwatembenuze ayang'ane kumwamba.

Allah akusunge panjira, akupatse mutu wogwira ndi manja ofewa. Mwina pofika pa mitengo ya bulugamu udzakhala utandida. Sindidzakuletsa, ndipo foni yanga ikhala m'thumba la epuloni tsiku lonse, kaya uimbe ndi mawu okoma kaya undilalatire. Koma tsopano ukudziwa kuti ulibe kholo limodzi loyera ndi lina lakuda. Uli nawo awiri, onse ofunika sopo. Wina anakusiya pamsewu ukulira, wina anamulozera njira yolakwika atabwerera. Ngati dua yako ndi ya oyenera okha, undichotsemo inenso kuyambira mawa, chifukwa chifundo chimene ndinachipeza pomubera mnzanga malo ine sindichifuna. Ngati ndi ya olakwa, tilowetsemo tonse awiri, ndipo uyambe ndi abambo ako. Anadikira mokwanira pansi pa mtengo uja.

Ndine amene ndinakweza dzanja lija,
mayi ako,
Mariamu.